Tisamangodzuka pa maliro okha

Nkhani iyi yandikhala pamtima kwa kanthawi ndithu, nde lero ndati ndingoyilemba basi. Ife amene tikukhala kunja kuno ku UK kusonkha timakudziwa, pamenepo palibe angatitsutse. Munthu akamwalira gulu la WhatsApp limatsegulidwa tsiku lomwelo, mayina amayamba kutsika, uyu waponya chakuti uyu chakuti, ena ngakhale ya lendi sinakwane koma amaponyabe, ndipo pakapita masabata angapo thupi limakwera ndege kupita kwawo. Zimenezi ndimazilemekeza kwambiri ndipo sindidzasiya kuponya. Koma chomwe chimandiwawa nchakuti munthu yemweyo ali moyo mwina anatha miyezi akudya kamodzi patsiku, hita osayatsa m'nyengo yozizira kuopa bilu, ndipo palibe gulu lomwe linatsegulidwa. Mwina sitinadziwe, mwina tinadziwa koma tinalibe njira yomufikira osamuchititsa manyazi.

Njira imeneyo ine ndinakayipeza pa holo ya tchalitchi china kuno ku Nottingham komwe kuli food bank, malo ogawirako chakudya chaulere kwa anthu amene zawathina. Anandikokera kumeneko ndi mayi ena achikulire a kuntchito kwathu, anangoti tsiku lomwe ulibe shifiti ubwere udzatithandize kunyamula makireti, msana wanga wayamba kukana. Ndinapita chifukwa chowalemekeza basi, koma mpaka lero ndikupitabe, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe ndimalidikira kuposa masiku ena onse pa sabata.

Food bank yathuyi ili pansi pa bungwe la Trussell, ambiri amalidziwa kuti Trussell Trust. Mbiri yake inandigwira mtima nditayimva. Analiyambitsa mu 1997 ndi banja la a Paddy ndi a Carol Henderson, ndipo cholinga chinali kuthandiza ana ogona pa siteshoni ya sitima ku Bulgaria, kutali uko, osati kuno ayi. Ndiye mu 2000 ali kalikiliki kutolera ndalama za ana a ku Bulgaria aja, mayi wina wa ku Salisbury kuno ku England komwe iwo ankakhala anayimba foni kuwauza kuti nayenso ana ake akugona ndi njala, pompo m'tauni mwawo momwemo. Food bank yawo yoyamba inayambira pamenepo, mu galaja ndi m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Kuyambira April 2023 mpaka March 2024 ma food bank a Trussell okha anagawa maphukusi a chakudya oposa 3 miliyoni, ndipo oposa 1 miliyoni anali a ana. M'dziko lomwe ambirife tisanabwere tinkaganiza kuti njala kulibe.

Ntchito yake ili ndi dongosolo, si kungounjika zakudya patebulo aliyense nkumatola ayi. Munthu amabwera ndi vocha yomwe wapatsidwa ndi a Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo aulere, kapena kusukulu ya mwana wake, kwa dokotala, kapena ndi ogwira ntchito zosamalira anthu a kukhonsolo, masiku ano nthawi zambiri imangokhala kanambala pafoni. Amalandira chakudya cha masiku atatu kutengera kukula kwa banja. Kuseri komwe ine ndimakhala kwambiri, chilichonse chomwe chalowa timayamba tachiyika pasikelo nkulemba makilo, kenako kuona madeti, nkulemba ndi maka pamwamba pa chitini mwezi ndi chaka kuti choyandikira kutha chituluke msanga. Kumeneko nkomwe ndinadziwa bwinobwino kusiyana kwa best before ndi use by, kuti choyambacho chikunena za kukoma chabe pomwe chachiwiricho ndi cha chitetezo, deti ya use by ikadutsa osapatsa munthu zivute zitani. Ndipo pali funso limodzi lomwe poyamba linkandidabwitsa, timafunsa munthu kuti kodi muli ndi pophikira? Chifukwa ena khonsolo inawaika mu kachipinda ka hotelo muli ketulo yokha, ena magetsi anathima mita ikufuna ndalama, nde kumupatsa mpunga ndi pasita munthu wotere sunamuthandize. Timakhala ndi maphukusi apadera a zongothira madzi otentha, ndi ena a zongotsegula nkudya.

Pali anzanga amandifunsa, ndipo ndikudziwa amafunsa ndi mtima wabwino, kuti iwe abale ako kwanu akuvutika, fizi, mankhwala, chilichonse chikudikira iwe, nde ukukathera nthawi yako pa anthu a dziko lolemera? Ndalama kwathu ndimatumiza ngati wina aliyense, mwezi ukatha foni imalira chimodzimodzi. Koma manja anga ndi maola anga aja sindingawatumize pa apu, ali konkuno, ndipo ngati sindiwagwiritsa ntchito kuno angothera pa sofa. Komanso amene amafunsa chonchi sanaonepo anthu amene amalowa pakhomo lija.

Amalowa eni dziko inde, agogo, abambo oti ntchito yatha akudikira Universal Credit, ndalama ya thandizo ya boma, yomwe malipiro oyamba amatenga pafupifupi masabata asanu, amayi olera ana okha. Koma amalowanso anthu ngati ine ndi inu. Kuyambira 2022 pomwe ntchito ya kheya, yosamalira okalamba ndi odwala, inatsegulidwa pa viza ya Health and Care Worker anthu ambiri anabwera kuchokera ku Africa ndi ku Asia, ena atagulitsa katundu, ena atakongola, nkufika kuno kampani yomwe inawaitana ikuwapatsa maola ochepa kwambiri kapena osawapatsa nkomwe. Kampani ikalandidwa layisensi yolemba ntchito anthu ochokera kunja ndi a Home Office, omwe amaona za ma viza, munthu nthawi zambiri amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze ina yomutenga. Ndipo pa viza yake palembedwa no recourse to public funds, kutanthauza kuti Universal Credit ndi thandizo lina la boma sizimukhudza. Munthu woteroyo alibe kolowera, ndipo kwawo akudziwa kuti mwana wathu ali ku UK zinthu zili bwino, nde sangayerekeze kunena.

Apa ndikufuna mumve bwino chifukwa mantha awa ndawaona ndi maso. Chakudya cha ku food bank sichili m'gulu la public funds. Ndi cha mabungwe achifundo ndi anthu wamba omwe amaponya m'basiketi ku supamaketi, kulandira sikukhudza viza yanu. Mtsikana wina anayima panja nthawi yayitali akuyendayenda ngati akudikira munthu, mpaka mmodzi mwa amayi athu anatuluka kukamulankhula, nkupeza kuti wina anamuuza kuti akalembetsa dzina pamenepo adzamukaniza mapepala. Zabodza zotere zimagoneka anthu ndi njala. Atalowa nkundiona ine ndanyamula kireti, nkhope yake inamasuka, tinalankhulana pang'ono, ndipo pamenepo mpomwe ndinamvetsa kuti kupezeka kwathu ife obwera m'malo amenewa kuli ndi ntchito yake yomwe eni dziko, ngakhale ali ndi mtima wabwino chotani, sangayigwire okha.

China chomwe ndimachikonda nchakuti munthu akalowa sitimupanikiza ndi mafunso. Amakhala pansi, tiyi, bisiketi, wina amacheza naye pomwe ife tikulongedza kuseri, akafuna kufotokoza mavuto ake afotokoza, akapanda kufuna basi. Ndipo zomwe zanenedwa muholo muja zimathera momwemo. Izi kwa ife zimafunika kuziphunzira mwadala, chifukwa m'magulu mwathu nkhani imayenda msanga, ukathandiza munthu Lolemba pofika Lamlungu kutchalitchi aliyense wadziwa, nde nchifukwa chake anthu amasankha kuvutika chamumtima. Ndikakumana m'tauni ndi munthu amene ndinamuona ku holo, ndimadikira ayambe iyeyo kundipatsa moni.

Tsopano nkhani ya ndalama, chifukwa zitini zokha siziyendetsa food bank, pamafunika mafuta a vani, malo osungira katundu, inshuwalansi, ndi kugula zomwe zaperewera pa shelefu. Titakonza ulendo wa ndawala ndi anzanga ochepa kuti titolere kangachepe, mpomwe ndinadziwa za Gift Aid, ndipo mpaka lero zimandipweteka ndikaganiza ndalama zomwe magulu athu amazisiya osazitola chifukwa chosadziwa. Imayenda chonchi, ngati mumalipira msonkho kuno ku UK ndipo mwapereka ku bungwe lolembetsedwa, bungwelo limakatenga 25p ku ofesi ya msonkho ya HMRC pa £1 iliyonse yomwe mwapereka. Mwapereka £20, bungwe lalandira £25, inu osaonjezera kanthu. Simukuyenera kukhala nzika, bola msonkho womwe mwalipira chaka chimenecho ukukwana ndalama yomwe bungwe likatengeyo. Nde ngati ndinu mwana wasukulu ndipo zomwe mumapeza pachaka sizikufika £12,570 pomwe msonkho umayambira, kabokosi kaja musachonge. Kuti muone kukula kwake, kumbukirani Captain Tom Moore, agogo aja a zaka 99 omwe mu April 2020 anazungulira bwalo la pakhomo pawo ka 100 pofuna kupeza £1,000 yothandizira mabungwe achifundo a NHS, nthambi ya zipatala za boma. Anthu anapereka pafupifupi £33 miliyoni, koma Gift Aid itaonjezeredwa zinafika pafupifupi £39 miliyoni.

Vuto lathu ndi chizolowezi chija chakuti aliyense atumize ku akaunti ya mayi ujeni kapena bambo ujeni, iwowo akapereke pamodzi. Tikatero Gift Aid yathawa, chifukwa munthu sangachonge Gift Aid pa ndalama za anthu ena zomwe wangotolera, aliyense amayenera kupereka yekha m'dzina lake. Njira yapafupi ndi kutsegula tsamba pa JustGiving lolumikizidwa ku bungwelo, linki nkuyiponya pa gulu, ndalama zimapita ku bungwe osadutsa m'thumba la munthu. Dziwaninso kuti tsamba lotolera ndalama za munthu payekha, monga timachitira pa maliro kapena pa matenda, lilibe Gift Aid, ndipo tikiti ya rafo kapena keke yomwe mwagula siyiwerengedwa ngati mphatso chifukwa mwalandirapo kanthu.

Ndipo ubwino wina wa njira imeneyi ndi mtendere. Ndaona maubale a zaka zambiri akutha chifukwa cha ndalama za gulu, nthawi zina palibe yemwe waba ngakhale kobiri, kungoti panalibe cholemba, wina wafunsa kuti zinakwana zingati, msungichuma wakhumudwa kuti mukundiyesa wakuba, basi anthu ayamba kutuluka pa gulu mmodzimmodzi. Kufunsa lisiti si chipongwe abale. Munthu amene wagwira shifiti ya usiku wonse nkupatula £10 ali ndi ufulu wodziwa komwe yapita. Ife pa gulu lathu tinagwirizana kuti ndalama za m'ndowa aziwerenga anthu awiri osachokera nyumba imodzi, onse asayine, chithunzi cha pepalalo ndi cha lisiti la ku banki chiponyedwe pa gulu tsiku lomwelo munthu asanafunse. Chiyambireni zimenezi anthu amapereka momasuka kuposa kale. Ngati gulu lanu lakula mpaka likutolera zoposa £5,000 pachaka pa ntchito zachifundo, kuno ku England ndi ku Wales lamulo likuti mukalembetse ku Charity Commission, ofesi yoyang'anira mabungwe achifundo, ku Scotland ali ndi ofesi yawo ya OSCR. Pa tsamba la Charity Commission lomwelo mutha kulemba nambala ya bungwe lililonse nkuona malipoti ake a ndalama musanapereke, ine ndimatero ndithu.

Tinthu tina ta malamulo ndingotchula mwachidule kuti musadzagwe m'mavuto ndi mtima wabwino. Kuyima pamsewu ndi ndowa kumafuna chilolezo cha khonsolo. M'sitolo kapena pamalo a munthu mumapempha eni ake. Rafo yomwe matikiti akugulitsidwa pamwambo pomwepo siyifuna layisensi, koma mukafuna kugulitsa matikiti kwa anthu wamba masiku angapo mwambo usanafike, kalembetseni kaye kukhonsolo. Mukamagulitsa zophikaphika lembani zomwe mwathiramo, kuno pali zinthu 14 zomwe amaziyang'anira kwambiri chifukwa zimadwalitsa ena, monga mtedza, mazira, mkaka ndi tirigu, ndipo kwa ena mtedza pang'ono chabe ndi nkhani ya ambulansi.

Za mapepala nazo anthu amaopa, eti kodi viza yanga ikundilola? Kwa ambiri inde. Amene ali pa viza ya ntchito amaloledwa kuthandiza mongodzipereka, amene akudikira yankho la asylum naonso amaloledwa, ndipo ngakhale mlendo wongobwera kudzacheza atha kuthandiza ku bungwe lolembetsedwa mpaka masiku 30. A sukulu ndi amene ayenera kusamala, chifukwa malamulo amasiyanitsa kungothandiza mwakufuna kwako ndi ntchito yosalipidwa yomwe ili ndi maola okhazikika ngati kontrakiti, yachiwiriyi imawerengedwa m'maola 20 omwe ophunzira amaloledwa kugwira ntchito pasabata, nde funsani ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yanu musanayambe. Mukafuna kuthandiza komwe kuli ana kapena okalamba adzakupemphani DBS, kalata yoonetsa ngati munapalamulapo milandu, osadabwa, amatero kwa aliyense ndipo kwa odzipereka pa ntchito zoterezi boma sililipiritsa. Nthawi zina amafunanso kalata ya polisi ya dziko lomwe munkakhala kale, imeneyo ndi yomwe imachedwetsa, yambani kuyifunafuna msanga.

Sindingabise kuti nanenso ndapindula. Moyo wakunja kuno umatha kukhala ntchito, basi, kunyumba, kugona, ntchito, ndipo utha kukhala zaka mumsewu umodzi osadziwa dzina la woyandikana naye nyumba. Nyengo yozizira kukamada cha m'ma 4 koloko madzulo mtima umalemera. Ku holo kuja ndi komwe ndinayamba kudziwana ndi anthu a mtauni muno ngati anthu, osati ngati mabwana kapena makasitomala. Kuli abambo ena opuma ntchito omwe amayendetsa vani, amandifunsa za ana anga sabata iliyonse ndipo samaiwala zomwe ndinawauza. Kuli mnyamata wina yemwe poyamba ankabwera kudzalandira, pano ali pa ntchito koma tsiku lake lopuma amabwera kudzalongedza nafe, ndipo ndi amene amadziwa kulankhula ndi anthu obwera koyamba kuposa tonsefe. Pomwe ndinkafuna munthu wondilembera kalata yondichitira umboni pofunsira ntchito ina, anandilembera ndi amayi oyang'anira food bank. Sindinapitire zimenezo, koma kwa amene mwangofika kumene ndipo kulikonse akukufunsani za luso la ntchito la kuno ku UK, dziwani kuti khomo limeneli ndi lotsegula.

Zolemetsa ziliponso. Pali masiku mashelefu amakhala mbee, ukuona mzere ukadalipo, nde umayamba kuchotsa chitini chimodzi m'phukusi lililonse kuti onse apeze. Pali masiku mwana amatsegula paketi ya bisiketi pompo asanatuluke panja ndipo umadziwa kuti m'mawa umenewo sanadye. Ndimabwerera kunyumba ndili ndi mkwiyo, chifukwa dziko ngati lino siliyenera kudalira zitini za anthu ongodzipereka kuti ana adye, ndipo a Trussell eniake amanena poyera kuti cholinga chawo ndi chakuti ma food bank adzakhale osafunikanso. Ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Koma pomwe akuluakulu akukambirana za malipiro ndi lendi, munthu uja wayima pakhomo lero, ndipo masiku atatu a chakudya amamupatsa mpata woti akaonane ndi a Citizens Advice za ngongole zake mutu uli m'malo.

Nde chomwe ndikupempha magulu athu, a tchalitchi, a mpira, a amayi, onsewa, nchakuti mphamvu yomwe timaonetsa pa maliro ija tiyigaweko pang'ono. Sizifuna komiti yatsopano ayi. Anthu awiri atatu pa gulu lililonse adziwe food bank yomwe ili pafupi, masiku omwe imatsegula, ndi komwe munthu angapeze vocha, kuti wina akanong'oneza kuti zinthu zathina tidziwe komutengera, ndipo timuperekeze ngati akuchita manyazi. Amene simungakwanitse sabata ndi sabata chifukwa cha mashifiti, kumapeto kwa November kumakhala kutolera chakudya m'masitolo a Tesco mothandizana ndi a Trussell, amafuna anthu oyima pakhomo maola awiri atatu okha kugawa kapepala ka zomwe zikusoweka. Ndipo mukamaponya m'basiketi muja yang'anani kaye mndandanda wa food bank ya kwanuko, chifukwa pasita ndi nyemba zam'chitini nthawi zambiri zimakhala zilipo kale. Kwathu kuno zomwe zimatha msanga ndi mkaka wa UHT, nyama ndi nsomba zam'chitini, zipatso zam'chitini, khofi, sopo, mankhwala otsukira mano, mapadi a amayi, ndi matewera a ana okulirapo, a saizi 5 ndi 6, chifukwa anthu ambiri akamagula amangoganiza za khanda.